Musawauze za mafiriji okha, awonetseni katoni

Achimwene, zoti mafiriji ndi mafani anuwo ndi achitsulo ndiye muwalembetse m'gulu lotsika la katundu wosayaka msanga kuti ma sprinkler (timipopi ta kudenga tothira madzi moto ukabuka) a m'nyumba yanu yosungiramo katundu atchipe, chotsani m'mutu lero lomwe. Ife zinatiwotcha pompano pa boma, katundu wofanana ndi wanuyo, wopita m'mashopu a ku Monkey Bay ndi Namwera.

Amene anatiikira mapaipi a ma sprinkler anachokera ku Blantyre, m'nyumba yathu yosungiramo katundu sanakhalemo ndi ola lomwe. Anaona mainvoisi, n'kulemba Class II, n'kulandira ndalama, ulendo. Sanang'ambe katoni ngakhale imodzi. Akanang'amba akanapeza firiji iliyonse yazingidwa ndi styrofoam, pulasitiki woyera wopepuka uja, mbali zonse. M'malamulo a NFPA 13, malamulo a ku America a kaikidwe ka ma sprinkler omwe iye ankawatchula pafupipafupi, magulu amayambira Class I, zinthu zosayaka zokhala pa paleti yathabwa, mpaka Class IV, kenako mapulasitiki a Group A omwe ndiwo oopsa kwambiri. Styrofoam ili mu Group A, ndipo ikapitirira 25 peresenti ya malo a m'katoni, katundu yense amawerengedwa Group A, kaya mkatimo muli chitsulo. Mapaleti athu analinso apulasitiki, omwe paokha amakweza gulu. Munthu wodzitcha katswiri osaona zimenezi!

Unali Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa. Mlonda anandiimbira usiku, mawu akunjenjemera. Ndikufika, timabotolo tofiira ta pa ma sprinkler, tomwe timaphulika kutentha kukafika madigiri 68, tinali titaphulika kale, madzi akugwa bwinobwino. Koma mapaletiwo tinkawalandira atakulungidwa ndi pepala lapulasitiki mpaka pamwamba, ndiye madzi ankangotsetsereka ngati pamsana pa bakha, makatoni mkati ali gwa, ouma, akuyaka. Styrofoam inasungunuka n'kumadontha ili moto, n'kumayenderera pansi kupita mzere wina. Utsi wakuda bii, wowawa kukhosi, tochi osaona ndi mita imodzi yomwe. Ma sprinkler anatseguka ambiri nthawi imodzi, mphamvu ya madzi inatsika, pampu inayamba kulira mopanda madzi, thanki yauma. Malata akupindika tikuona. Anyamata akuthamanga ndi ndowa, Shire ali pafupi pomwepo, koma ndowa ingachite chiyani pamenepo? Mnyamata wathu mmodzi anapsa mkono ndi pulasitiki wodontha pofuna kukoka paleti, chipsera chake chilipo mpaka pano.

A inshuwalansi atabwera, sanachedwe. Anatola chidutswa cha styrofoam chosapsa, n'kuyerekeza ndi pepala lija la Class II, akuti mapaipi ndi thanki zinapangidwira katundu wina, osati uyu. Anatidula ndalama zambiri. Mkulu wa mapaipi uja kumuimbira, akuti "inu munandiuza kuti ndi zachitsulo." Kenako foni osayankhanso. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa, chifukwa kufunsa mafunso oyenera inali ntchito yake, ndi imene tinamulipira.

Ndiye inu chitani izi. Mukasakaniza katundu, gulu loopsa kwambiri ndi limene limalamulira, choncho ngati mukuganiza zodzasungitsa matiresi a siponji, maukonde a nayiloni kapena ma cooler box a anthu a nsomba nyengo ya usipa, nenani panopa asanayeze mapaipi. Nenaninso msinkhu weniweni umene mumasanja, chifukwa mukadutsa mamita 3.7 malamulo amasintha, ndipo pakati pa sprinkler ndi katundu pamafunika mpata wosachepera masentimita 45. Pulasitiki wapamwamba pa paleti muziduliratu katundu akangotsika m'galimoto.

Komabe injiniya ndi wofunika, musadzipangire nokha ndi pulambala wapamudzi. Pezani wolembetsedwa, alembe gululo papepala, asayine, ndipo zimene walembazo muzitsatira. A inshuwalansi nawo asayine pepala lomwelo musanalipire kobiri. Ngati ndalama ya thanki yaikulu ndi pampu ya dizilo palibe, katundu wa styrofoam mumusungire chipinda chakechake chanjerwa, ndipo musanje mofupika.