Inde, Winston Churchill ndi Diana ndi a mtundu umodzi

Achimwene, mwafunsa ngati Winston Churchill, nduna yaikulu yakale ya Britain, ndi Diana, yemwe anali mkazi wa Prince Charles, ndi pachibale: mwamva zoona, anthu awiriwa ndi a magazi amodzi, ngakhale chibale chake n'chakutali. Makolo awo amakumana pa Charles Spencer ndi mkazi wake Anne, mwana wa John Churchill, Duke (udindo wapamwamba wolowa m'banja) woyamba wa Marlborough.

John Churchill anamwalira mu 1722 wopanda mwana wamwamuna wamoyo. Nyumba ya malamulo inali italoleza kale kuti udindowo udutsire kwa ana aakazi, zomwe sizichitikachitika ku England. Anaulowa ndi mwana wake wamkazi Henrietta, ndipo iye atamwalira mu 1733 unapita kwa Charles wina, mwana wa mng'ono wake Anne uja. Ife Achewa izi sizingatidabwitse. Nthambi ya Charles ameneyu ndiyo ya kunyumba yaikulu ya Blenheim, kumene Winston anabadwira mu 1874. John, mng'ono wake wa Charles, anatenga malo a Althorp, ndipo nthambi yake ndiyo ya kwawo kwa Diana.

Zoti banja la ku Blenheim limalipira lendi ndi mbendera si nthano ayi. Chaka chilichonse banjali limatumiza kambendera kunyumba yachifumu ya Windsor Castle ngati lendi ya malo a Blenheim, pokumbukira nkhondo ya Blenheim imene John Churchill anapambana pa 13 Ogasiti 1704.

Ine poyamba ndinasokera chifukwa ndinkalondola dzina la Churchill. Zidzukuluzo zinali za dzina la Spencer mpaka 1817, pomwe anawonjezera Churchill. Londolani maudindo ndi zaka, chifukwa a Charles ndi a John ndi mbwee m'banjali.

Koma ngati cholinga n'kutsimikiza kuti inuyo muli nawo pachibale, musadalire mindandanda ya pa intaneti. Funsani katswiri wofufuza mibadwo, kapena a College of Arms, bungwe losunga mbiri ya mibadwo ndi zizindikiro za mabanja ku London.