Ophunzira ayambe adziwerengera okha zamoyo asanajambule galafu

Mphunzitsi wina wa sayansi wanditumizira imelo yodandaula kuti ophunzira ake amajambula magalafu aukhondo a kuchuluka kwa zomera ndi nyama, koma akawafunsa zimene manambalawo akutanthauza amangoti kukamwa yasa. Akufunsa kuti ayambire pati.

Aphunzitsi, yambirani panja, chifukwa mwana amavutika kumasulira nambala imene sanaone mmene inapezekera. Pa zomera, apatseni chimango cha mita imodzi m'litali ndi m'lifupi chotchedwa quadrat, ndipo malo ochiika asankhidwe mwa maere, popeza akasankha okha amathamangira pamene maluwa achuluka. Ngati avereji ili zomera 6 pa chimango ndipo bwalo ndi lalikulu masikweyamita 500, ndiye kuti pali zomera pafupifupi 3,000. Koma musaime pa avereji. Gulu lopeza 5, 6 ndi 7 ndi gulu lopeza 0, 0 ndi 18 onse ali ndi avereji ya 6, pomwe gulu lachiwirilo laona zomera zomera mowunjikana malo amodzi, ndipo funso loti n'chifukwa chiyani ndilo phunziro lenileni.

Nyama zoyenda zimafuna njira ina, imene katswiri wa za mbalame Frederick Lincoln anagwiritsa ntchito mu 1930 poyerekezera kuchuluka kwa mbalame za m'madzi ku North America. Tinene kuti ophunzira agwira nkhono 40, aziika kadontho ka penti pa chigoba n'kuzibwezera pamene anazitola. Patapita masiku angapo agwira 50, ndipo 10 mwa izo zili ndi kadontho. Akachulukitsa 40 ndi 50 n'kugawa ndi 10, apeza nkhono pafupifupi 200. Afunseni zimene zingachitikire yankholi ngati penti yafufutika ndi mvula, kapena ngati mbalame zikuona msanga nkhono zopakidwazo.

Galafu ibwere pomaliza. Poyerekeza mitundu kapena malo osiyana, ajambule ya mipiringidzo. Posonyeza kusintha m'kupita kwa nthawi, ajambule ya mzere, nthawi ikhale pa mzere wopingasa wam'munsi. Mzere ukakwera kenaka n'kuyamba kugona ngati chilembo cha S, monga katswiri wa masamu Pierre Verhulst anafotokozera mu 1838, aloze ndi chala pamene wagonerapo, ndipo anene ngati chalepheretsa kuchulukanako ndi chakudya, malo kapena matenda.