Kachingwe kofiira ka pa injini musakataye achimwene

Achimwene, mwati mwagula injini ya Yamaha 40 yoika pa boti lonyamula anthu ku Senga Bay ndiye mukufunsa zomwe lamulo limafuna eti? Izi si za a Road Traffic kuno ku Lilongwe ayi, ndi za a Marine Department, ku Monkey Bay ali ndi ofesi, ndipo lamulo lake ndi Inland Waters Shipping Act. Boti amaliyendera kaye, kulilembetsa nkukuuzani kuchuluka kwa anthu oyenera kukwera, woyendetsanso akhale ndi mapepala ake.

Koma chomwe chimandiwawa ine ndi kachingwe kofiira kopotanapotana kaja, kill cord. Anyamata ambiri kunyanja amangokakulunga pa chigwiriro cha injini mwina kukataya kumene nkumangapo waya kuti injini izilira basi, pomwe kamafunika kakhale komangidwa pa mwendo kapena pa layifi jaketi ya woyendetsa. Funde likamugwetsera m'madzi kamasolola kaklipu injini nkuzima pompo. Popanda iko boti limangozungulira lokha lili pa sipidi ndipo limabwerera pomwe munthu wagwerapo, propela ija sidziwa kuti uyu ndi mwini wake. Ku America kuyambira pa 1 April 2021 ndi lamulo kukavala pa maboti osafika mafiti 26. Gulani tiwiri, kena kazikhala m'boti kuti otsalawo athe kulizanso injini nkukamutola mnzawo.

Chozimira moto chikhale cha ufa chija, madzi sazima petulo, amangomufalitsa. Chiikeni poti mkono ufike msanga osati pansi pa katundu, ndipo muzionako ngati kasingano kali pa girini. Petulo mu thanki yake yeniyeni, zigubu za mafuta ophikira ayi chonde, ndipo mukamathira injini ikhale yozima, wafodya ayambe watsika.

Mapulagi apadera, sipanala, nkhafi, nangula, chokapira madzi, tochi, izi musanyamuke popanda, chifukwa injini ikakuzimirani mu June mwera ukuwomba foni yokha sikupulumutsani.

Majaketi akwane aliyense, a ana omwe, ndipo avale asanakwere osati kuwakhalira ngati mpando. Kumbukirani za ku Mlowe ku Rumphi pa Pasaka wa 2017, boti lodzaza mopyola linagubuduzika anthu nkumira. Nambala yomwe akupatseni a Marine musawonjezepo olo mmodzi, angakhale akhale malume anu.