Za if ndi try pochotsa chinthu mu list

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kuyamba mwayang'ana ndi `if x in mndandanda` musanachotse chinthu, kapena kungochotsa mkati mwa `try` n'kudikira error. Ine ndiyankha za Python, poti ndi imene ndimadyera.

Zonse ziwiri zimagwira ntchito. `remove()` ikapanda kuchipeza chinthucho imaponya error yotchedwa ValueError. Mukadzera pa `if` mwaipewa, koma list yanu yafufuzidwa kawiri: `in` imayenda kuyambira koyambirira mpaka itachipeza, kenako `remove()` nayo n'kuyambiranso ulendo womwewo. Pa `try` ulendo ndi umodzi. Kuyambira Python 3.11 ya mu 2022, kulowa mu `try` sikudyanso nthawi kwenikweni, chimene chimadula ndi error ikaponyedwa. Ndiye ngati chinthucho chimakhalamo nthawi zambiri, tengani `try`. Ngati chimasowa kawirikawiri, `if`. Anzathu ena akulimbana za liwiro ngati kuti list ya mayina 50 ingatenthetse laputopu. Ayi ndithu.

Chimene chinandiwotcha ine si liwiro. Ndinalemba kapulogalamu kotumiza ma SMS kwa mamembala a gulu lina, ndipo munthu akati asamalandirenso, nambala yake inkayenera kuchoka mu list. Ndinalemba `except ValueError: pass`, kutanthauza kuti error ikabwera pulogalamu isachite kanthu, n'kumadziona katswiri. Osadziwa kuti manambala ena anasungidwa oyamba ndi 0, ena ndi +265. Kwa munthu ndi nambala imodzi, kwa Python ndi zinthu ziwiri zosiyana. `remove()` inkalephera, `pass` n'kumeza, pa sikirini zonse zili bwinobwino. Ndinadzazindikira mayi wina atandiimbira mokalipa kuti wapempha katatu koma mauthenga akungobwerabe. Ma yuniti omwe anapita pachabe sindifuna n'kuwakumbukira komwe. Ndipo musaganize kuti `if` ikanandipulumutsa, nayonso ikanangodumpha mwakachetechete. Kaya mwasankha iti, chinthu chimene mumayembekezera kuti chilimo chikasowa, lembani mu log, momwe pulogalamu imasungamo mbiri ya zimene zachitika, musameze.

`except:` yopanda dzina la error ndiye musayerekeze. Imagwira chilichonse, ngakhale dzina la variable limene mwalemba molakwika, ngakhalenso Ctrl+C pamene mukufuna kuimitsa pulogalamu. Mkati mwa `try` muzikhala mzere wa `remove()` wokhawo.

Chenjeraninso ndi kuchotsa zinthu mu list imene `for` ikuyendamo. Error simuiona, koma chotsatira cha chimene mwachotsacho chimadumphidwa, chifukwa zonse zasunthira kumbuyo malo amodzi. Komanso `remove()` imachotsa choyamba chokha chimene yakumana nacho. Nambala ikalembedwa kawiri, inayo itsala. Pamenepo pangani list yatsopano: `[n for n in mndandanda if n != x]`, zonse zichoka ndipo palibe error.

Kunena zoona, ngati ndondomeko ya zinthuzo ilibe nanu ntchito ndipo simufuna zobwerezabwereza, list isiyeni, tengani `set`, yomwe imasunga chinthu chilichonse kamodzi kokha. Ili ndi `discard()`, yomwe sidandaula chinthu chikasowa, ndipo siyenda mndandanda wonse pofufuza. List yanga ya manambala ija pano ndi `set`, ndipo nambala iliyonse ndimayamba ndaisandutsa ya +265 isanalowe.