Mnzanga wa ku sekondale akundiitanira kuchipululu cha Namib

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa zaka 46. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku sekondale amakhala ku Windhoek, m'dziko la Namibia, ndipo patha zaka 19 tisanaonane maso ndi maso, timangolemberana pa WhatsApp. Wandiitana kuti ndikamuchezere, akuti tikayende wapansi m'chipululu cha Namib. Phiri la Mulanje ndakwerapo kawiri mpaka pa Sapitwa, choncho miyendo yanga sindikuikayikira. Koma chipululu sindinachionepo. Ndikonzekere bwanji? Chinanso, ndikuopa kuti tikakumana tidzasowa chokambirana. Mphunzitsi, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, pitani. Inenso ndinayendapo ulendo ngati umenewu, kukaona mnzanga amene tinasiyana titangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo anapita nane kumalo omwewo.

Ndiyambe ndi mawu anu akuti miyendo simukuikayikira. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo wofika pamenepo ndi munthu wamphamvu ndithu. Koma Mulanje amakulerani: pali mitsinje yomwera, mithunzi, ndi mwala wolimba woponda. Ku Namib zonsezi kulibe. Mulu wa mchenga umene ambiri amakwera ku Sossusvlei (dera lina la m'chipululumo), wotchedwa Big Daddy, ndi wa mamita pafupifupi 325 okha, koma mukaponda phazi limamira n'kubwerera m'mbuyo, ndiye mumagwira ntchito kawiri pa sitepe imodzi. Muziyenda pamsana penipeni pa muluwo, mukuponda m'mapazi mwa amene ali patsogolo, chifukwa pamenepo mchenga umakhala utatsendereka.

Tchuthi chanu cha mu Ogasiti chikugwa nthawi yabwino. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala masana kumatentha mopiririka, pomwe mu Disembala ndi Januwale kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Musanyengedwe ndi dzina loti chipululu n'kusiya juzi kunyumba. Usiku wa mu Julayi ndi Ogasiti kumazizira kuposa Dedza, mpaka zala kuuma.

Kuchoka ku Windhoek kukafika pa chipata cha Sesriem, cholowera ku Sossusvlei, ndi maola pafupifupi asanu pa galimoto, mbali yaikulu msewu wa miyala. Chipatacho chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka, koma amene agona m'kampu ya m'kati amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke. Muwauze anzanuwo asungitse malo m'katimo, chifukwa ola limenelo ndi lamtengo wapatali. Kuchokera pamenepo pali makilomita pafupifupi 60 a tala, kudutsa mulu wotchuka wa Dune 45, kenako makilomita asanu a mchenga wokhawokha ofuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi.

Ife tinagona kunja kwa chipata ndipo tinayamba kukwera mochedwa. Ndinatenga botolo limodzi la lita, poganiza kuti ulendo wa maola awiri sufuna zambiri. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma lisanatsike, ndiye sudziwa kuti madzi akutha m'thupi. Tili chapakati mutu unayamba kuwawa, maso kuchita mdima. Mnzanga anali patsogolo, akuyenda ngati ali pabwalo la kwawo. Ndinakhala chete kwa nthawi yaitali. Ku sukulu ine ndi amene ndinkathamanga mipikisano, iye ankadwaladwala, ndipo mtima wanga unkakana kuvomera pamaso pake kuti ndatopa. Atacheuka n'kuona mmene ndinkadzandirira, anabwerera, anandikhazika pansi, anandipatsa madzi ake, n'kundiphimba kumutu ndi malaya ake. Anandifunsa funso limodzi lokha, loti ndinamubisiranji. Mpaka lero funso limenelo limandipweteka, chifukwa ndinaika moyo wanga ndi wake pachiswe pofuna kuteteza mbiri ya mnyamata wa Fomu 3.

Choncho inu mutenge malita osachepera atatu pa ulendo wa m'mawa umodzi, ena atsale m'galimoto, ndipo muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakupezeni. Muike m'chikwama timapaketi ta Thanzi ORS, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi magalasi a dzuwa. Nsapato zikhale zotseka, pakuti ikamakwana 10 koloko mchenga umawotcha ngati chiwaya. Mukagona m'tenti muzikutumula nsapato m'mawa musanavale, zinkhanira zimakonda kubisalamo. Ndipo mutu ukayamba kuwawa, kapena mukamva chizungulire ndi nseru, nenani nthawi yomweyo.

Zimene mudzaone zidzakulipirani thukutalo. Mchengawo ndi wofiira chifukwa cha chitsulo chimene chinachita dzimbiri m'kati mwake, ndipo m'mawa mbali imodzi ya mulu imayaka ngati makala pomwe inayo ili bii. Mukatsetsereka kuchokera pamwamba pa Big Daddy, kwa mphindi zochepa chabe, mumagwera ku Deadvlei, dambo louma la dongo loyera. Kale mtsinje wa Tsauchab unkafikitsa madzi pamenepo, mitengo ya mtundu wa mthethe n'kumera. Milu ya mchenga itatseka njira ya madzi mitengoyo inafa, zaka mazana angapo zapitazo, koma kuuma kwa malowo kunaikaniza kuwola. Yaimabe, yakuda ngati yopserera. Musaigwire kapena kuitsamira. Ine ndinakhala pamenepo osatha kuyankhula, ndikuganiza za mitengo ya kwathu imene ikagwa chiswe chimaimaliza dzinja limodzi. Dera lonseli la mchenga bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2013. Mvula imasowa chifukwa madzi a m'nyanja ya Atlantic kumeneko ndi ozizira, ndiye m'malo mwa mvula kumabwera nkhungu, ndipo kuli tizilombo tina timene timaima chozondoka pamwamba pa mchenga kuti nkhunguyo isanduke dontho pamsana n'kutsikira kukamwa.

Anzanuwo akatchula za Fish River Canyon, chigwa chachikulu chakuya cha kummwera kwa Namibia, dziwani kuti imeneyo ndi nkhani ina. Ndi makilomita oposa 80 kuchoka ku Hobas kukafika ku Ai-Ais, masiku anayi kapena asanu mutasenza zonse kumsana. Amalola kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala basi, gulu la anthu osachepera atatu, aliyense ndi kalata ya dokotala. Ulendo woyamba ndingakonde muusiye umenewo.

Tsopano za mantha anu enawo. Ndi oona, ndipo inenso ndinali nawo. Masiku awiri oyamba tinamaliza nkhani zonse za aphunzitsi athu, nyemba zofumbwa za kudayiningi ndi anzathu amene anatisiya, kenako kunagwa chete wolemera. Munthu amene mukamupeze ali ndi ana amene mwina Chichewa sachidziwa, ndi mavuto amene pa WhatsApp sanawalembe. Musamukakamize kukhala mnyamata wa ku sekondale uja, nanunso musadzionetse ngati zonse zikukuyenderani. Mufunseni za moyo wake wa lero: ntchito, banja, amene amamuthandiza akadwala kudziko la eni. Ife tinayamba kuyankhulana zenizeni madzulo a tsiku lomwe ndinafooka lija, titakhala pafupi ndi moto ku Sesriem. Ndi pamene anandiuza kuti mayi ake atamwalira sanathe kubwera kumaliro, ndipo kwa zaka zambiri ankachita manyazi kuimbira aliyense wa kumudzi.

Musapite chimanjamanja. Mpunga wa Kilombero, tsabola wa kambuzi wa m'botolo ndi khofi wa ku Mzuzu zidzamusangalatsa kuposa malaya a m'sitolo. Nkhani ya ndalama muikambe musananyamuke, kuti adziwe zimene inu mulipire pa mafuta a galimoto, chakudya ndi zolowera pachipata. Randi ya ku South Africa imagwira ntchito ku Namibia mofanana ndi dola yawo. Mlendo ndi mame, choncho mumuuzenso tsiku lobwerera, akonze bwino tchuthi chake kuntchito. Ndipo ngati kwawo kumudzi kuli kofikika, pitaniko musananyamuke, mukajambule abale ake ndi nyumba imene anakuliramo, mukamuonetse mukafika.