Singano sidutsa yonse, nanga msoko umagwira bwanji?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti posoka pamanja singano imadutsa yonse n'kukoka ulusi, koma ya makina imangosuzumira kunsi n'kubwerera. Nanga msoko umagwira bwanji? Akudandaulanso kuti ulusi ukumawunjikana kunsi kwa nsalu, bobini (kachipangizo kokulungapo ulusi wapansi) asintha koma palibe chasintha.

Mayi, yang'anitsitsani singano ya makina anuwo: chibowo chake chili kunsonga, osati kumbuyo ngati ya pamanja. Ikaboola nsalu imatsika ndi ulusi wapamwamba. Ikangoyamba kukwera, nsalu imaugwira ulusi uja pang'ono, ndiye umapindika n'kusiya kampata pambali pa singano. Nthawi yomweyo kangowe kachitsulo ka pansi kamakola ulusiwo, n'kuuzungulitsa bobini yonse. Kenako kachitsulo kamene kamakwera n'kutsika kutsogolo kwa makina kamaukoka, ndipo ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini zimakolana m'kati mwa nsalu. Timano ta pansi timakankha nsalu, singano n'kutsikanso. Tsegulani kachivindikiro ka bobini, muzungulitse wilo ndi dzanja pang'onopang'ono, muziona nokha.

Ambiri amangoti nzeruyi ndi ya Singer, koma iye anabwera mochedwa. Mu 1830 telala wa ku France, Barthélemy Thimonnier, anali kale ndi makina a ulusi umodzi, mpaka atelala anzake anawaphwanya poopa kutha ntchito. Msoko wokolana wa ulusi wa mbali ziwiri anaulembetsa ku America ndi Elias Howe mu 1846. Isaac Singer analembetsa makina ake mu 1851, Howe n'kumutengera kukhoti, ndipo mu 1854 Singer anagonja nayamba kumulipira. Kumene Singer anaposa anzake, kwa ine, ndi pamalonda: kampani yake inkalola anthu kulipira pang'onopang'ono, makina n'kulowa m'makomo.

Tsono za ulusi wowunjikanawo, bobini mukungoinamizira. Kawirikawiri ulusi wodzadza kunsiwo ndi wapamwamba: sukukokedwa mokwanira, ndiye umatsalira pansi uli lende. Ikani wofiira pamwamba, woyera m'bobini, musoke pa kansanza, muone mtundu umene uwunjikane. Ukakhala wofiira, usololeni wonse muulowetsenso, koma phazi lopanira nsalu likhale lokweza. Likakhala pansi, timbale tiwiri timene timapana ulusi timakhala totseka, ndipo ulusi umangodutsa pamwamba osalowa pakati pake.