Musadikire kuti mimba ioneke kaye

Achemwali, apongozi anuwo asakuuzeni zoti mudikire mimba ioneke musanayambe sikelo. Ine ndinamvera zomwezo, ndinakayamba ili ndi miyezi 6. Tsiku loyambalo anandiyeza HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, anandipatsa Fansidar, neti ndi timapilisi toonjezera magazi. BP, kuthamanga kwa magazi kuja, ndiye ayi, akuti makina alibe mabatire.

Mwezi wa 8 ndinatupa. Si miyendo yokha, nkhope ndi manja omwe, mphete kukanika kuvuka ngakhale ndi sopo. Mutu ukuwawa ngati wina akukhoma msomali, m'maso ndikuona tinyenyezi. Ndinapita pa kachipatala kakwathu, namwino wake osandiyang'ana n'komwe, maso ali pa foni. "Ndi kutentha kwa Mangochi kumeneku mayi, muzimwa madzi." Ndipo analemba manambala m'buku mwangamo asanandimange chija chapamkono choyezera BP! Analemba chiyani? Mpaka lero ndikamukumbuka mayi ameneyu mtima umandiwawa.

Patangotha masiku 4 ndinagwa usiku. Bambo a kunyumba ali panyanja kukawedza usipa, m'nyumba ndili ndi kamlamu kanga ka sitandade 7. Akuti ndinkaphupha, thovu kukamwa, lilime ndinadziluma mpaka chitenje chonse magazi. Apongozi anga akuti wina wandiponda, tipite kwa asing'anga. Mwamwayi aneba anakana, anapeza galimoto ya nsomba n'kundithamangitsira ku Boma. Ndinatsitsimuka atandipanga kale opaleshoni, matako akuwawa ndi jakisoni wa magnesium woletsa kuphupha, mwana ali kuchipinda cha ana osakwana masiku. Adokotala anati inandigwetsa ndi BP yokwera, ndipo kungoyeza BP ndi mkodzo kukanaonetsa zonse. Kayezedwe ka mphindi ziwiri!

Mwanayo alipo, akuyenda. Kusikelo ya ana sindijomba, amamukweza pasikelo, kumuyeza kamkono ndi katepi kaja, katemera yense walandira.

Ndiye pitani mawa lomwe, masiku ano amafuna muonedwe ka 8 mimba isanathe. BP ikafika 140/90 musachoke asanakuuzeni chochita, ndipo muziona ndi maso anu akuyeza. Koma musakakangane nawo anamwinowo, amatopa, mmodzi pa amayi mzere mpaka pansi pa mtengo. Muziwamvera, iwo ndi amene anaphunzira. Mutengenso abambo akayezetse limodzi, chindoko akachipeza amabaya nonse awiri.